Usanasayinire Intaneti ya ku Athi River

Ruaka, Loweruka masana

Tamanda mwana wanga,

Makatoni ako atseka njira yopita kubafa, amayi ako apita kokonzekera kwaya, ndiye ndapeza mpata wokhala pansi n'kulemba. Mawa tikaweruka kutchalitchi galimoto ibwera kudzanyamula katundu wako kupita ku Athi River, mbali ina ya Nairobi. Ndikudziwa kuti m'galimotomo simudzakhala mokambira nkhani. Amayi ako azidzafunsa ngati mapoto onse akwera, iwe uzidzakangana ndi dalaivala za njira yozembera jamu. N'chifukwa chake ndasankha pepala. Uwerenge ukafika, ndipo Lolemba lisakupeze usanawerenge.

Ndiyambe ndi kukuuza kuti mtima wanga uli m'malo. Nyumba wasankhayo ndinaiyendera bwinobwino. Madzi amatuluka, chitseko n'cholimba, ndipo m'chipinda chimene ukuti chikhale ofesi mumalowa dzuwa la m'mawa. Fumbi la mafakitale lilipo, koma mawindo amatsekeka. Ntchito wapezayo nayonso ndi yokuyenera: kukonza mavidiyo ophunzitsira anamwino, iwe uli m'nyumba mwako, mabwana ako ali kutsidya kwa nyanja. Za mapemphero, za ulemu ndi za anyamata, amayi ako anena kale ndipo anenanso mawa. Ine ndatenga nkhani imodzi yokha, imene ena angaione ngati yachabe: intaneti imene ukufuna kukasayinira Lolemba.

Unandionetsa pa foni chithunzi cha pepala limene amata pamakwerero a nyumbayo, lolembedwa 100 wamkulu wofiira. Unati, "Adadi, iyi ndiye ndege, osati kamba wanu wa kunoyu." Ndinakufunsa kuti nambala yachiwiri ili pati. Unandiyang'ana ngati ndakufunsa dzina la agogo ake a mwininyumba. Ndiye ndilongosole pano, pamene sungandidule ndi kuseka.

Intaneti ya m'nyumba ili ndi njira ziwiri. Ina ndi yolowera zinthu kubwera kwa iwe: mafilimu, nyimbo, nkhope za anthu amene ukuyankhula nawo. Ina ndi yotulukira zinthu kuchoka kwa iwe: mawu ako, nkhope yako, mafayilo amene ukutumiza. Makampani ambiri amakulitsa njira yolowera n'kuchepetsa yotulukira, ndipo nambala imene amailemba mokulitsa pamapepala awo ndi ya yolowerayo. Si kuba ayi. Anthu ambiri amafuna intaneti yoonera mpira ndi mafilimu, satumiza zinthu zikuluzikulu, choncho yoteroyo imawakwanira. Imeneyo ogulitsa amaitcha asimetiriki. Pali ina imene njira zake zonse ziwiri n'zofanana kukula, imene amati simetiriki. Mayinawo uwasunge chabe kuti wogulitsa asakuzunguze mutu. Chofunika ndi nambala ziwirizo.

Tsono taganizira za iwe mwini. Uli ndi miyezi itatu yoyesedwa ntchito. M'miyezi imeneyi, anthu amene sanakugwirepo chanza adzakudziwa pa zinthu ziwiri zokha: mmene ukumvekera pa misonkhano ya pa vidiyo, ndi ngati ntchito yako ikufika pa nthawi yake. Zonse ziwirizi zimachoka kwa iwe kupita kwa iwo. Zonse zimadutsa pa njira imene pepala la pamakwerero silikufuna kuitchula. Funsa nambala yachiwiri, mwana wanga.

Ine nambala imeneyi inandilakwitsa pa ukwati wa msuweni wako Limbani. Iwe unali kusukulu yogonera konko, ndipo nkhaniyi sitinakuuze yonse. Ine monga malume wake ndinali nkhoswe, koma ntchito sinandilole kupita ku Lilongwe pa tsiku lokaonekera kuchikazi. Tinagwirizana kuti ndiyankhule pa vidiyo. Azakhali ako anaika laputopu pa katebulo pakati pa balaza la a Mbewe, malume wake wa mkaziyo, ndipo ine ndinakhala pa tebulo lomwe lino nditavala jekete ndi tayi. Ndinkawaona onse bwinobwino. Ndinkaona nsalu zoluka pamipando, ndinkamva ndi nkhuku zomwe zikulira panja. Mumtima ndinati intaneti yathu ndi yamphamvu ndithu.

Ndinayamba mwamwambo, za tambala wathu amene waona msoti pakhomo pawo. Kenako ndinafika pa mawu amene banja lathu linandituma kuti ndinene poyera: kuti Limbani ali ndi mwana wamwamuna amene anabereka ali kukoleji, ndipo amamusamalira, sadzamutaya. Ndinanena mosamala, liwu limodzilimodzi. Anthu ankagwedeza mitu. Nditamaliza, a Mbewe anawomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Tamva, a Nkhoma. Mwayankhula ngati munthu wamkulu." Ndinatseka laputopu n'kuuza amayi ako kuti takwatira kwa anthu omvetsa zinthu.

Patapita miyezi iwiri, a Mbewe anamva za mwanayo kwa munthu wina kumsika. Anaimbira foni azakhali ako atapsa mtima, kuti akuchimuna ndife anthu obisa nkhani. Azakhali ako atandiimbira kundiuza, ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati ndinanena pamaso pa anthu onse, ndipo mwini wake anayankha kuti wamva. Azakhali ako anati:

"Achimwene, inu munauma. Munali ngati chithunzi cha pakhoma, kukamwa kuli yasa. Timangomva kachidutswa ka liwu, kenako zii, kenako kena."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Tikanakudulani bwanji mawu, munthu wamkulu muli pakati poyankhula, pamaso pa akuchikazi? A Mbewe anayamba kugwedeza mutu, ndiye tonse tinagwedeza. Ine ndimayesa mwina iwo akumvako, popeza anakhala pafupi."

Ndinaimbira Limbani, amene ankadziwa bwino lomwe zimene ndinayenera kunena tsikulo. Ndinamufunsa chifukwa chimene anakhalira chete. Anati, "Amalume, ine ndimayesa Mulungu wandimvera chisoni."

Ndinakwera ndege ndithu. Ndinakakhala pa balaza lomwe lija ndi thupi langa, n'kunenanso mawu aja kuyambira pachiyambi. Mwayi wake mkaziyo ankadziwa za mwanayo kuyambira kale, ndipo ndiye anaziziritsa malume wake. Ukwati unachitika, ndipo ukudziwa wekha kuti banjalo lili bwino. Koma panali masabata atatu amene ukwati wa anthu awiri okondana unatsala pang'ono kutha chifukwa cha chinthu chimene sindinachiyezepo.

Nditabwerera ku Nairobi sindinafune kungoganizira. Ukundidziwa, ntchito yanga yoyeza madzi inandiphunzitsa kusakhulupirira maso. Ndinayeza intaneti yathu, ndipo ndinapeza njira yolowera yotakasuka, yotulukira yopyapyala ngati ulusi. Ndinakumbukiranso kuti tsiku lija amayi ako anali atangobwera kumene kuchokera ku msonkhano wa makwaya, foni yawo yodzaza mavidiyo, ndipo foniyo ikangolowa m'nyumba imayamba yokha kutumiza zonse kosungira zinthu pa intaneti. Ndinachita kubwereza kuti nditsimikize. Ndinaimbira azakhali ako foniyo ikutumiza, anati ndauma. Ndinaizimitsa, anati ndikumveka ngati ndili pakhonde pawo.

Pa nkhaniyi utolepo zinthu ziwiri. Choyamba, njira yotulukira ikatsekeka, iwe sudziwa. Anzakowo umawaona bwino, umawamva bwino, ndipo umapitiriza kuyankhula uli wosangalala. Chachiwiri, anthu sakuuza. Kwathu amakhala chete chifukwa cha ulemu. Mabwana akowo adzakhala chete chifukwa chofulumira. Adzangoti tiyeni timve kwa wina, ndipo ikachitika katatu adzayamba kuganiza kuti Tamanda salongosola bwino zinthu. Sadzanena kuti vuto ndi chingwe, chifukwa chingwecho sakuchiona. Choncho pa msonkhano wako woyamba uwauze wekha kuti ukaduka akudule mawu nthawi yomweyo. Ndipo iwenso ukaona munthu wauma, kaya ndi wamkulu chotani, umuuze. Ulemu umene unandisiya ndikuyankhula ndekha uja sindinauyamikire.

Kulakwitsa kotsatira kunabwera chifukwa cha manyazi a nkhani imeneyi. Ndinakwera minibasi ya matatu kupita m'tauni, ndinalowa mu ofesi ya kampani ina, n'kunena kuti ndikufuna intaneti ya simetiriki yaikulu kuposa zonse zimene ali nazo. Mayi wogulitsayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mzee, ofesi yanu ili ndi antchito angati?" Ndinati ndilipo ine ndi mkazi wanga. Anayesa kundionetsa ina yocheperapo, ine ndinakana. Anangoti, "Sawa, mzee," n'kundipatsa cholembera. Fundi, mmisiri wa zingwe, anabwera n'kumangirira rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, pakhomo, pamwamba pa poika nsapato, chifukwa ndi pamene chingwe cha faiba chinalowera. Tebulo langa la ntchito nthawi imeneyo linali m'chipinda cha kumapeto, kuseri kwa makoma awiri a konkire. Lolemba lake ndinaumanso pa msonkhano wa kuntchito.

Ndinatha sabata ndikulemba madandaulo m'Chingerezi chaukali. Fundi uja anabweranso, munthu wofatsa, wa msinkhu wanga. Anamvetsera zonse, kenako anatulutsa chingwe chachitali m'chikwama, mbali ina anailowetsa ku rauta, ina ku laputopu yanga. Anayeza. Nambala zonse ziwiri zinakwera mpaka pamene analonjeza. Anati, "Mzee, msewu tinakupatsani waukulu, koma inu mukufuna galimoto idutse m'khoma." Ankanena zoona.

Choncho usagule chifukwa cha mantha, Tamanda, monga ndinachitira ine. Simetiriki si mankhwala a matenda onse, ndiponso asimetiriki si yoipa. Amayi ako ntchito yawo ndi makalata ndi malipoti. Akanakhala okha m'nyumba muno, ya pamakwerero yakoyo ikanawakwanira n'kutsalako. Ndiponso ngakhale utagula yabwino chotani, waifai ikamadutsa m'makoma imafooka. Fundi akabwera usamusiye asankhe yekha malo a rauta. Umuonetse pamene pakhale tebulo lako, ndipo laputopu ya ntchito uilumikize ndi chingwe. Chingwe cha buluu chimene ndaika m'katoni ya mabuku ndi cha ntchito imeneyo, usachiyese choyanikira zovala.

Pambuyo pake ndinasiya yaikulu ija n'kutenga yapakatikati, imene nambala zake zonse ziwiri ndi 40. Ameneyo ndiye kamba amene umamuseka. Koma takumbukira: mavidiyo atatu amene unatumiza pofunsira ntchitoyi anachokera m'nyumba muno, ndipo sunadandaulepo kuti akuchedwa. Wakhala ukuyenda pa msewu wofanana mbali zonse osadziwa, ndiye ukuyesa kuti misewu yonse ndi yotero.

Dzulo ndinakulitsa chithunzi chako chija pa kompyuta. Pansi penipeni, m'timalemba tating'ono tonga nyerere, nambala yachiwiri ilipo. Ndi 10. Unandiuza kuti vidiyo yomalizidwa, pamodzi ndi mafayilo ake, imatha kufika magigabaiti khumi. Masamu ake si ovuta, ndipo uwabwereze wekha usangondikhulupirira. Pa 10, katundu ameneyo amatenga maola awiri ndi mphindi zingapo kuti afike, ndipo apo ndiye kuti palibe china chilichonse chikutumizidwa. Pa 40 wa kunoyu amatenga theka la ola ndi pang'ono. Tsono yerekeza kuti watumiza, ndiye bwana wako waona kuti dzina la mankhwala lalembedwa molakwika pa mphindi yachitatu, akuti ukonze utumizenso msonkhano usanayambe. Kukonzako ndi kwa mphindi zisanu. Kutumizako ndi maola ena awiri, ndipo nthawi yonseyo njira yotulukira yadzaza, moti ukalowa pa msonkhanowo uuma ngati bambo ako. Zoterezi sizichitika kamodzi pa chaka. Pa ntchito yokonza mavidiyo ndi za sabata iliyonse. Funsa nambala yachiwiri, ndipo akulembere papepala limene usayine, osati kungokuuza pakamwa.

Pali kulakwitsa kwina kwakale, kwa nthawi imene tinangosamukira ku Ruaka kuno, tikukhala m'nyumba yosanja ija ya pafupi ndi msika. Woyang'anira nyumbayo ankagulitsa yekha intaneti kwa alendi. Anandiitana Lachiwiri cha m'ma teni m'mawa, anayeza pa foni yake ine ndikuona, nambala zinali zokongola. Ndinavomera pomwepo, ndikudziona ngati munthu amene wafufuza. Sindinafunse kuti chingwecho tikugawana anthu angati. Chinali chimodzi cha nyumba yonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo Lachiwiri m'mawa anthu onse anali kuntchito. Madzulo akabwerako, makamaka tsiku la mpira, ngakhale kalata yopanda chithunzi inkakana kuchoka. Ndinapita kukadandaula, iye anati mopepesa, "Pole, mzee, koma si munaona nokha?" Ndinaonadi ndekha. Ndinayeza chinthu choyenera pa nthawi yolakwika, ine amene ndimauza anzanga kuntchito kuti chitsime sachiyeza m'dzinja mokha.

Izi zikukukhudza chifukwa mabwana ako dzuwa limawatulukira mochedwa, ndipo misonkhano yako yambiri idzakhala madzulo, nthawi imene Athi River yense waweruka ndipo wayatsa mafilimu. Choncho Lolemba usathamangire kusayina m'mawa. Ugogode kwa anthu awiri kapena atatu a m'nyumbamo amene ali kale ndi intaneti imeneyo, uwapemphe kuti uyeze pa foni yako cha m'ma seveni madzulo. Anthu sakana zoterezi, ndipo udzakhala wadziwana ndi aneba ako. Ufunsenso wogulitsayo ngati faiba ikulowa m'nyumba mwako mwenimweni, kapena ngati ikuthera pansi n'kugawidwa kwa onse. Akayamba kuzungulira, yankho walipeza. Masiku awiri kapena atatu amene udikire ukhoza kugwiritsa ntchito intaneti ya pa foni. Ntchito ukuyamba sabata yotsatirayo, nthawi ilipo.

Ndiwonjezere ziwiri zazing'ono, kenako ndikusiye. Magetsi akathima, faiba yabwino chotani imathera pa rauta yozima, choncho kabatire kosungira moto ka rauta ukagule sabata yoyamba yomwe. Ndipo layini ya foni yako ikhale ya kampani ina, osati yomwe ikupatsa intaneti ya m'nyumba, kuti zikavuta zisavutire pamodzi. Uyeserere kulumikiza laputopu ku foniyo tsiku limene zonse zili bwino, osati msonkhano utayamba.

Mwina ukafufuza upeza kuti m'nyumba mwakomo palibe kampani imene imabweretsa ya simetiriki. Zikatero usataye mtima, ndipo usasamuke chifukwa cha zimenezo. Uike pambali nambala zikuluzikulu zofiira, uyerekeze nambala zachiwiri zokhazokha, utenge imene yotulukira yake ndi yaikulu ndiponso yosagwedezeka madzulo. Uzimitse zotumiza zokha za pa foni nthawi ya ntchito, ndipo mafayilo aakulu uzitumiza pamene ulibe msonkhano. Koma ikapezeka yofanana mbali zonse, ngakhale nambala yake ikhale yosachititsa kaso pouza anzako, maganizo anga ndi akuti utenge imeneyo, chifukwa ntchito yako ndi yotumiza. Ukhoza kuchepetsa pa makatani chaka chino.

Ndikuululire kanthu. Lachinayi ndinatenga foni kuti ndiimbire woyang'anira nyumba yakoyo ndimufunse ndekha mafunso onsewa. Nambala ndinali nditaiyamba kale. Amayi ako anandilanda foniyo m'manja n'kunena kuti, "Bambo a Tamanda, mwanayo ali ndi pakamwa pake. Mukufuna mukasamukire limodzi?" Foniyo sindinaimbenso. Nyumbayo ndi yako, dzina la papepalalo likhala lako, ndipo chisankho n'chako. Ine ndakupatsa zolakwa zanga ndi masamu anga. Ukapeza kuti masamuwo ndaphonya, undiuze mosaopa, ndidzakondwa kuposa mmene ukuganizira.

Miyezi itatu ikatha, anthu aja adzakhala pansi kuti akambe za iwe. Sindikudziwa chimene adzagamule, ndipo sindikulonjeza zimene sindingazitsimikize. Chimene ndikufuna n'chakuti tsiku limenelo akakambe za ntchito ya manja ako, yabwino ndi yofunika kukonza yomwe, ataiona yonse ndiponso atakumva bwinobwino. Akatero, sindikuda nkhawa, chifukwa mavidiyo ako ndinawaonera, ndipo ine amene ndimaopa jakisoni ndinaonera ya katemera ija mpaka kumapeto.

Upite ndi mtendere, mwana wanga. Mulungu akusunge m'nyumba yatsopanoyo, ndipo Lolemba cholembera chikhale m'chikwama kufikira utaona nambala zonse ziwiri.

Ndine,
Adadi ako